Ndimakumbuka utsi wa mlamba, koma nkhope ya mayi anga ayi

Funso

Mayi anga anamwalira mu 1997 ndili ndi zaka 7. Tinkakhala ku Ndirande. Maliro atatha, amalume ananditenga kukandisiya kwa agogo kumudzi, kufupi ndi Bangula, ndipo mng'ono wanga, yemwe anali ndi zaka 4, anatsala m'tauni ndi azakhali. Kumudziko ndinakhalako zaka zitatu. Za kumeneko ndimazikumbuka bwinobwino: utsi wa mlamba agogo akuwamba, kugona panja pamkeka chifukwa cha kutentha, kukazula nyika kudambo ndi anzanga, madzi atadula njanji. Ndikazikumbuka ndimapezeka ndikumwetulira. Koma nkhope ya mayi anga siibwera, mawu awo sindiwamva, ndipo za tsiku la maliro ndilibe nazo kanthu m'mutu. Ndine mwana wotani ine, wosangalala mayi ake atangoikidwa kumene? Pano mng'ono wanga uja watisiya mwezi wathawu. Wasiya mnyamata wa zaka 9 ndi mtsikana wa zaka 6. Amalume akuti wamng'onoyo apite kumudzi, wamkuluyo akhale ndi ine kuno ku Blantyre. Ndilole?

Yankho

Mayi, pepani ndi zovutazo. Maliro atsopano amadzutsa akale, n'chifukwa chake funso la 1997 lakupezani lero osati chaka chatha. Ndagwira ntchito ya uphungu kwa zaka zambiri ndi mabanja a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo dandaulo ngati lanuli ndalimva kwa anthu akuluakulu ndithu, ena aimvi kale, olankhula chonong'ona ngati akuulula tchimo. Palibe tchimo pamenepo. Pali mmene mutu wa mwana umasungira zinthu, ndiponso mmene akuluakulu anachitira ndi nkhani ya mayi anu.

Zimene zinachitika munthu asanakwanitse zaka zitatu kapena zinayi, pafupifupi tonse sitizikumbuka, chifukwa ubongo umakhala usanakhwime mokwanira kusunga nkhani. Inu munali ndi zaka 7, mutadutsa kale pamenepo. Umboni wake mwaulemba nokha: madzi osefukira a 1997 anakokololadi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, sitima n'kusiya kudutsa. Mutu wanu unkasunga bwino. Funso ndi lakuti unasankha bwanji chosunga.

Ubongo umagwira msanga chinthu chachilendo. Taganizirani mwana wa ku Ndirande, wozolowera kamphepo ka m'mapiri, akutsika Thabwa m'basi, makutu akutsekeka, kenako chifundizi cha m'chigwa cha Shire n'kumumenya kumaso. Mlatho wa Kamuzu, Shire akuyenda pansi pake mwaulesi. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo yosaoneka pothera. Milambe, migwalangwa, ng'ombe zodutsa pamsewu ku Ngabu ngati msewuwo ndi wawo. Akafika kumudzi n'kupeza nsima ya mapira yofiirira, anzake akusakaniza Chisena m'masewera, usiku kumamveka valimba kutali. Chilichonse chinali choyamba, ndipo choyamba chimadinda chidindo. Nkhope ya mayi anu munkaiona tsiku lililonse chibadwire, monga mmene munthu amaonera khomo la nyumba yake. Funsani aliyense kuti chitseko cha kwawo chinali ndi matabwa angati, mumva chete. Chimene timakhala nacho nthawi zonse sitichiloweza, poti sitiganiza kuti tidzachisowa.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Chikumbukiro chili ngati njira ya kudimba: yopitidwapitidwa imaoneka, yosiyidwa imamera udzu mvula imodzi yokha. Nkhani ya nyika mwaifotokoza kangati? Kwa anzanu kusukulu, kwa amuna anu mwina, kwa ana anu akamanyoza ndiwo. Nthawi iliyonse mukaifotokoza mumalambula njirayo. Nanga nkhani ya mayi anu, ndani anakhala nanu pansi kuifotokoza? Zaka zimenezo maliro anali ponseponse. Mankhwala otalikitsa moyo a odwala Edzi anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo izi zisanachitike panali agogo ambiri m'chigwa amene ankalera adzukulu anayi kapena asanu a ana awo osiyanasiyana. Kaya munthu wamwalira ndi chiyani, pamaliro ankangoti "anadwala nthawi yaitali", nkhani n'kuthera pompo. Akuluakulu ankaona kuti kutchula dzina la womwalira pamaso pa mwana n'kumukanda pachilonda, choncho ankamusangalatsa ndi zina kuti aiwale. Ankachita zimenezo mwachikondi, ndipo mwanayo ankaiwaladi. Zithunzi nazo zinali zosowa, zodikira wojambula woyenda panjinga, ndipo zochepazo zimadyedwa ndi chiswe kapena kupita ndi madzi.

Za utsi wa mlamba n'zosadabwitsa. Uthenga wa m'mphuno uli ndi njira yachidule yofikira zigawo za ubongo zimene zimasunga zokumbukira ndi mmene munthu anamvera mumtima, zotchedwa hippocampus ndi amygdala. N'chifukwa chake mutha kudutsa pamsika wa Limbe pomwe akugulitsa nsomba zowamba, n'kungopezeka muli pakhonde la agogo, zaka zonsezi zitafufutika kwa kamphindi. Fungo la mafuta odzola kapena sopo amene mayi anu ankagwiritsa ntchito lingathe kuchita chimodzimodzi, mutadziwa kuti anali ati.

Tsiku la maliro mwina simulikumbuka chifukwa simunaliwone. M'mabanja ambiri ana aang'ono amawapititsa kunyumba ina mtembo ukafika pasiwa, ndipo kumanda sapita. Kafunseni. Ngati munalipo, dziwani kuti mantha aakulu amachepetsa zimene maso amatola. Anthu ambiri amene anaferedwa ali ana amandiuza kanthu kamodzi kokha: nsapato za munthu wina, beseni la madzi osamba m'manja pochokera kumanda, lumo lozizira pamutu tsiku lometa. Zina zonse ndi mdima.

Tsopano za kuseka kuja. Mwana sasenza mtolo wa nkhuni wa munthu wamkulu. Amatola kamtolo kake, kuyenda nako pang'ono, kutula, kuthamangitsa chiwala, n'kubwerera kudzasenzanso. Chisoni amachinyamulanso choncho. Mwana angathe kulira mpaka kukomoka m'mawa, masana n'kumasewera fulaye ngati palibe chachitika, usiku n'kukodza pogona. Anthu oonera amangoona fulayeyo n'kumati "ameneyu sakudziwa kanthu". Akudziwa. Akupumira. Inuyo mukukumbuka nthawi zotula mtolo, chifukwa ndizo zinali ndi anzanu, dzuwa ndi nkhani zoti n'kudzafotokoza. Nthawi zosenza zinali za usiku, muli nokha, zopanda mawu.

Ndipo ngati munatha kuseka, agogo anu anagwira ntchito. Pa zonse zimene zimateteza mwana woferedwa, chimene akatswiri a maganizo a ana amagwirizana kwambiri n'chakuti pakhale munthu wamkulu mmodzi wokhazikika, wachikondi, amene mwanayo akadzuka amamupeza ndipo akagona amadziwa kuti mawa adzamupezanso. Nyika si chakudya cha pa chikondwerero, inu mukudziwa. Anthu amakazula nyika nkhokwe zikauma, m'madzi momwe muli ng'ona. Ngati mwana wa nthawi ya njala akukumbuka ulendo wa kudambo ngati masewera, ndiye kuti panali gogo amene ankabisa nkhawa zake bwino kwambiri. Ameneyo anali ataika mwana wake m'manda chaka chomwecho.

Ndikuuzeni cholakwa changa, chifukwa chikukhudza ana a mng'ono wanuwo. Ndikungoyamba ntchito, ndinkayendera banja lina m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, kumene gogo ankalera mdzukulu wa zaka 6 amene mayi ake anamwalirira m'tauni. Mwanayo anali wonenepa bwino, waulemu, wosalira. Ndinalemba m'buku mwanga kuti wazolowera. Ulendo wachitatu ndinafika madzulo, dzuwa litapendeka, n'kupeza mwana palibe. Gogoyo anandilozera kumsewu ndi mlomo. Ndinamupeza atakhala pamuzu wa mtengo wa bwemba, miyendo ili lende, m'manja muli kajumbo kamene munali malaya ake awiri ndi kapu. Minibasi ya ku Blantyre ikaima, ankaimirira, kuyang'ana amayi onse otsika mmodzimmodzi, ikanyamuka n'kukhalanso pansi. Ankachita zimenezi madzulo aliwonse, kwa miyezi. Anamuuza kuti amayi ake apita ku Blantyre kukagwira ntchito, adzabwera akapeza ndalama. Nditamufunsa kuti kajumboko n'kachiyani, anati, "Kuti akabwera ndisawachedwetse." Ndinabwerera kwa gogo uja ndi mawu a kusukulu, kumuuza kuti walakwitsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa, kenako anati, "Mwana wanga, iwe ukanena mawuwo ukwera galimoto n'kumapita. Wotsala naye usiku akulira ndine." Anali ndi mfundo, ndipo ine ndinachita manyazi. Tinagwirizana kuti timuuze mwanayo zoona tili awiri, iye alankhule ine ndikhale pambali, ndipo mkulu wa mpingo wawo azibwera madzulo masiku otsatirawo. Mwanayo analira masiku angapo, anakwiyira gogo wake, anakana kudya. Kenako anasiya kupita kumsewu, n'kuyamba kufunsa mafunso: amayi anali aatali bwanji, ankakonda chiyani, manda awo ali kuti.

Sindikunena kuti kumudzi kulikonse n'kwa agogo anu. Ndaona ana amasiye amene anafikira kuubusa wa ng'ombe, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndaona atsikana okwatiwitsidwa asanakhwime kuti pakhomo pachepe pakamwa, ngakhale malamulo a dziko lino, chisinthireni Konsitichushoni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndaona odya pomalizira, zotsala za ana a eni nyumba. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaunena pamaliro, koma umayesedwa mu Febuluwale ufa ukatha. Ngati m'zokumbukira zanu muli zina zowawa zimene simunalembe, zobwera m'maloto kapena zokuchititsani kunjenjemera, zimenezo n'zofunika kukhala pansi ndi mlangizi. Koma musalole munthu aliyense, kaya mlangizi, kaya mneneri, akukakamizeni kukumbukira zimene simukukumbuka. Mutu ukaumirizidwa umatha kupeka chithunzi n'kuchikhulupirira.

Mayi anu mungawapezenso pang'ono, kudzera mwa anthu amene anawadziwa, ndipo musachedwe. Akuluakulu akutha, komanso midzi ya m'chigwa yakhala ikusuntha. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anabalalitsa mabanja ambiri, ena anasamukira kumtunda, ndipo amene anali oyandikana nyumba kale lero ali kutalikutali. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kusanayambe kutentha kwa Okutobala kumene kumapitirira madigiri 40. Tengani shuga, mchere, sopo ndi chitenje, monga mwa ulemu wake. Musaitanitse msonkhano, chifukwa pagulu aliyense adzangoti "anali munthu wabwino, wopemphera", mawu a pamaliro opanda nkhope. Khalani ndi mmodzimmodzi pa ntchito, mukutongola chimanga kapena mukusankha nyemba, n'kumafunsa zing'onozing'ono. Ankamanga bwanji duku? Ndiwo imene ankadana nayo inali iti? Akakwiya ankatani, ankakalipa kapena ankangoti zii? Anakumana bwanji ndi bambo? Ankaimba nyimbo yanji akamasinja? Mnzawo wa pa utsikana ndi wofunika kuposa amalume pa nkhani zotere, chifukwa ndiye amadziwa zopusa zawo, ndipo munthu amaoneka bwino m'zopusa zake. Pemphani chilolezo mujambule mawuwo pafoni.

Mudzamva wina akunena za inu kuti, "Taonani mmene akukhalira, ndi malemu enieni." Mufunseni kuti akunena chiyani makamaka, mphumi, kaseko kapena kayendedwe. Chithunzi chimene chidzabwere m'mutu mwanu chidzakhala chosokedwa ndi zigamba, china chanu, china cha azakhali, china cha pagalasi. Musachikayikire chifukwa cha zimenezo. Ngakhale amene anakula ndi amayi awo mpaka ukalamba, chithunzi chawo n'chosokedwa chimodzimodzi.

Tibwere kwa anawa. Maganizo anga ndi akuti musalole kuti alekanitsidwe, ndipo chifukwa chake chili m'kalata yanu yomwe. Mu 1997 simunataye mayi okha. Munasiyananso ndi mng'ono wanu zaka zitatu. Munthu yekhayo amene mukanagona naye pamkeka n'kumanong'onezana kuti "ukukumbuka tsiku lija amayi anatimenya chifukwa cha shuga?" anatsala ku Blantyre. Njira ija inamera udzu chifukwa panalibe woyenda nanu. Mnyamata wa zaka 9 adzakumbuka nkhope ya mayi ake, mawu awo, nthabwala zawo. Mtsikana wa zaka 6 ali pamalo pamene munali inu. Mlongo wakeyo ndiye nkhokwe yake. Mukawalekanitsa, pakatha zaka makumi atatu adzalemba kalata ngati yanuyi.

Palinso china. Mwana wa zaka 5 mpaka 7 amakhala akungoyamba kumvetsa kuti womwalira sabwerera. Pa msinkhu umenewu ana amaganizanso kuti zochita zawo zili ndi mphamvu zoposa zenizeni. Angathe kukhulupirira kuti amayi amwalira chifukwa iye anakana kutumidwa, kapena chifukwa tsiku lina atakwiya ananena mawu oipa. Ndiye mwana woteroyo mukamukweza basi, mlongo wake n'kutsala, iye amawerenga yekha kuti: ndine wolakwa, andithamangitsa. Sanena. Amangokhala mwana wofatsa kwambiri, ndipo aliyense amamuyamikira.

Ndikudziwa kuti amalume sakunena zimenezi mwankhanza. Akuwerengera thumba lanu: lendi, ufa, makala, yunifolomu. Ngati mungathe kuwasunga onse awiri, asungeni, ndipo achibale amene akanalandira mtsikanayo athandize ndi thumba la chimanga kapena mapira akakolola. Anawo apitirize sukulu imene ali, ndi aphunzitsi ndi anzawo omwewo, chifukwa mwana amene wataya mayi asatayenso zonse mwezi umodzi. Kumudzi azipita pa tchuthi, onse awiri, akadye masau ndi malambe, akadziwe kwawo. Ngati n'zosatheka ndithu, ndibwino apite onse awiri kumudzi kusiyana n'kuwagawa, koma apite kwa munthu wodziwika ndi dzina, amene wavomera yekha, osati "kwa achibale". Mukadzionere nokha pogona pawo. Atenge kalata yosamutsira sukulu, mabuku awo a kuchipatala, zikalata zakubadwa ndi neti, chifukwa udzudzu wa m'chigwa suseka ndi mwana wokulira kumtunda. Auzidwe za ng'ona ndi za likodzo asanaone anzawo akudumphira m'madzi. Ndipo auzidwe tsiku lenileni limene mudzabwere kudzawaona, inu n'kubweradi tsiku limenelo.

Bambo a anawa simunawatchule, koma nkhaniyi siingathe popanda iwo ngati ali moyo. M'chigwa mwathumu miyambo iwiri imakumana. Kwa Amang'anja ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Kwa Asena, kumene amapereka lobola, ana amawerengedwa kuchimuna. Maukwati osakanikirana ndi ambiri, ndipo ndaona ana akukokedwa uku ndi uku ngati mbuzi ya milandu, mbali iliyonse ikutchula mwambo wake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika udindo wolera mwana pa makolo ake, ndipo pa mkangano uliwonse chimene khoti limayang'ana ndi ubwino wa mwanayo. Choncho bambo ali ndi udindo wothandiza ngakhale anawo atakhala ndi inu, ndipo ali ndi mawu pa za komwe akhale. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi. Zikakanika, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC imathandiza kuyanjanitsa mabanja nkhani isanafike kukhoti.

Kwa amalume musapite ndi lamulo m'manja, mudzatseka makutu awo. Apezeni paokha, osati pamaso pa mbumba yonse. Mungayambe chonchi: "Amalume, munandisunga ine nthawi ija, ndipo sindiiwala. Pali chimodzi chokha chimene chinandipweteka, kusiyana ndi mng'ono wanga. Ndikupempha kuti anawa tiwayese chaka chimodzi ali limodzi kwa ine, inu muzitiyang'anira. Zikandikanika ndidzabwera ndekha kudzanena." Mukatero mwawasiyira udindo wawo, ndipo mwawapatsa njira yosinthira maganizo popanda kuoneka ogonja. N'kutheka kuti iwonso akhala zaka zonsezi akudzifunsa ngati anachita bwino.

Za katundu ndinene mwachidule. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo ana ali m'gulu loyamba la oyenera kupindula. Lembani zonse zimene mng'ono wanu wasiya, pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri, zisanayambe kuyenda. Ngati ankagwira ntchito yolembedwa kapena anali ndi ndalama kubanki, funsani ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha anthu omwalira, za njira yake. Wina akayamba kuopseza, ku polisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana.

Chofunika kuposa zonsezi n'chimene anawa auzidwa. Afunseni kaye kuti, "Anthu akuuzani kuti amayi ali kuti?" Mudzadabwa ndi mayankho. Kenako nenani mawu enieni, mofatsa, mutawakhazika pafupi: amayi amwalira, thupi lawo lasiya kupuma, sakumva kuwawa kapena njala, ndipo sadzabweranso. Mawu athu aulemu aja, "atisiya", "agona", "atsogola", ndi abwino pakati pa akuluakulu, koma mwana wa zaka 6 amawamva momwe alili. Wogona amadzuka. Wotsogola timamupeza kutsogolo. Ndaona mwana akukana kugona chifukwa anauzidwa kuti amayi ake anagona. Ngati banja lanu ndi lopemphera, chiyembekezo cha chikhulupiriro chanu muwauze ndithu, koma chibwere pambuyo pa mawu omveka aja. Pewani kunena kuti Mulungu wawatenga chifukwa anali abwino, mwana angayambe kuopa kukhala wabwino. Ndipo onjezani, ngakhale asanafunse: "Si iwe unachititsa. Palibe chimene unanena kapena kuchita chimene chinadwalitsa amayi." Funso lotsatira limene amakhala nalo mumtima ndi lakuti, nanga inu mukamwalira ndidzakhala ndi ndani? Ayankheni ndi mayina a anthu enieni.

Adzafunsa funso lomwelo kakhumi. Yankhani kakhumi, mofanana. M'miyezi yoyambayi yembekezerani kukodza pogona, kukukakamirani, kudandaula m'mimba popanda matenda, kutsika m'kalasi. Mnyamatayo angaonetse chisoni chake ndi ndewu kapena mwano, ndipo anthu adzamuuza kuti "ndiwe mwamuna, limba, usamale mlongo wako". Muchotsereni katundu ameneyo, ali ndi zaka 9. Aphunzitsi awo adziwitsidwe. Zikapitirira miyezi isanu ndi umodzi zikungokulirakulira, kapena mwana akasiya kudya, kusewera, kapena akayamba kunena zofuna kutsatira amayi ake, musadikire, pitani naye kuchipatala mukafunse wa za matenda a maganizo. Ku Queen Elizabeth alipo, ndipo m'zipatala za m'maboma mumakhalanso anamwino ophunzira zimenezi.

Inunso mwaferedwa, musadziiwale. Mukulira anthu awiri nthawi imodzi, ndipo wachiwiriyo simunapatsidwe mpata womulira muli mwana. Kulira pamaso pa anawa si kulakwa. Akakuonani mukupukuta misozi n'kunena kuti "ndawasowa amayi anu", kenako n'kudzuka kukaphika, amaphunzira kuti munthu amatha kulira n'kukhalabe ndi moyo. Dzina la mng'ono wanu lizitchulidwa pakhomopo ngati la munthu, pa nsima, pa nthabwala, ngakhale pa zolakwa zake. Muli ndi nkhani za ubwana wake zimene palibe wina angawauze.

Zovala za malemu zikamagawidwa monga mwa mwambo, pemphani zitenje ziwiri zimene ankavala kawirikawiri, chimodzi cha mwana aliyense, ndipo musafulumire kuzichapa. Pezani kope, anawo azilembamo kapena kujambulamo zimene akukumbuka, inu muzilemba zimene wamng'onoyo akunena, ndi deti lake. Ndiye pali foni. Mng'ono wanu ayenera kuti anasiya mauthenga a mawu pa WhatsApp, m'foni mwanu, mwa anzake a kumpingo, m'gulu la banki m'khonde: akuseka, akudandaula za mtengo wa mafuta ophikira, akuitana mwana kuti abwere adzapereke moni. Mafoni a omwalira amagulitsidwa kapena kufufutidwa m'masabata oyamba omwewa, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa wina. Sabata ino, pezani wachinyamata wodziwa za mafoni, mukopere mawuwo ndi zithunzi zonse pamalo awiri osiyana, kena kakhale kwa inu, kena kwa wachibale wina amene nyumba yake siili m'njira ya madzi.